Kusamalira Maluwa a M'miphika Nthawi Ikamachepa

Chaka chatha, mayeso atatsala milungu iwiri, duwa la jereniyamu limene amayi anandipatsa linayamba kuchita chikasu masamba. Ndinaganiza kuti lamva ludzu chifukwa ndinkakhalitsa ku laibulale, choncho ndinayamba kulithirira m'mawa ndi madzulo. Posakhalitsa tsinde linafewa, ndipo nditazula ndinapeza mizu yakuda, yonunkha. Ndinali nditalimiza ndekha m'chitini chopanda chibowo. Kuwauza amayi kunandivuta kuposa mayesowo.

Phunziro lathu liyambire pomwepo. Mizu imapuma. Pakati pa timibulu ta dothi pamakhala mpweya, ndipo madzi akadzaza mipata yonseyo kwa masiku angapo, mizu imabanika n'kuyamba kuwola. Chosokoneza n'chakuti duwa lomira limafota mofanana ndi duwa laludzu, ndiye mwini wake amawonjezeranso madzi. Musanathirire, lowetsani chala m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri. Mukamva chinyezi, bwezani madziwo.

Ntchito yaikulu ili pa tsiku lodzala. Mphika wadothi, ndowa yakutha kapena chigubu cha mafuta ophikira cha malita 5 chodula pamwamba, zonsezi zimatheka, bola mubowole pansi mabowo anayi kapena asanu. Pa pulasitiki msomali wotenthetsa pamoto umakwanira. Sakanizani magawo awiri a dothi lakuda, gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje ndi gawo limodzi la manyowa owolerana bwino. Manyowa aawisi, makamaka zitosi za nkhuku, amawotcha mizu. Kachitini kakang'ono kamaoneka bwino pazenera, koma kamauma tsiku limodzi. Munthu wotanganidwa asankhe chotengera chachikulu. Mphika wadothi nawonso umauma msanga kuposa chigubu, chifukwa madzi amatulukira m'mbali mwake.

Sankhaninso maluwa opirira. Jereniyamu ndi potulaka amasunga madzi m'matsinde awo, ndipo vinka, amene kwawo ndi ku Madagascar, amachita maluwa ngakhale pa dzuwa la mu Okutobala. Onsewa amafuna dzuwa la maola angapo patsiku, choncho khonde lolowa dzuwa la m'mawa ndi malo abwino. Rozi ndi wokongola, sindikukana, koma adikire mudzamalize sukulu. Mbewu simuyenera kugula: pemphani kanthambi ka jereniyamu ka masentimita 10 kwa amayi a mumpingo, kasiyeni pamthunzi tsiku limodzi kuti podulapo paume, kenako kabayeni m'dothi lachinyezi.

Pa Genesis 2:15 timawerenga kuti ntchito imene munthu anapatsidwa m'munda inali ya mbali ziwiri, kulima ndi kusunga. Ambirife timakonda yoyambayo. Kusungako kumafuna tsiku lodziwika, osati pamene takumbukira. Ine ndinasankha Lachiwiri m'mawa ndi Lachisanu masana. Lachisanu, ndikamaliza kusita zovala za kutchalitchi, ndimayesa dothi ndi chala, kuthirira mpaka madzi atatuluka pansi, n'kuthyola maluwa ofota kuti chomera chisathere mphamvu popanga mbewu. Ndimatembenuzanso masamba kufufuza nsabwe. Zikapezeka, madzi a sopo pang'ono amazichotsa. Zonsezi sizipitirira mphindi khumi ndi zisanu, ndipo dzuwa likamalowa Sabata limandipeza ndilibe nazo nkhawa.

Kukatentha kwambiri masiku awiriwa sakwanira. Phimbani dothi ndi udzu wouma kapena mankhusu a mpunga. Mukamachoka masiku angapo, dzazani botolo ndi madzi, bowolani kachibowo pachivindikiro, ndipo mulizondotse m'dothi kuti lizidontha pang'onopang'ono. Yesani njirayi mudakali pakhomo, chifukwa chibowo chikakula botolo limatha usiku umodzi.

Mvula ikayamba, chotsani miphika pamene pamagwera madzi a padenga. Ndipo ngati mumaika kambale pansi pa mphika, muzitaya madzi otsaliramo nthawi iliyonse mukathirira. Udzudzu umaikira mazira m'madzi oterowo, ndipo kukamatentha sabata imodzi kapena ziwiri zimakwana kuti uuluke.