Za Nthenda ya Ciwau, ndi Cifukwa Cace Nsima Yokha Siikwanira

Phunziro lathu la mwezi uno ndi la cakudya. Ife timati munthu wosadya nsima wagona ndi njala, angakhale anadya mbatata yodzala mbale. Ndipo nsima njabwino ndithu, pakuti ndiyo ipatsa thupi mphamvu ya kulima ndi kuyenda, monga nkhuni zisonkhezera moto. Koma thupi lifunanso zomangira mnofu ndi mwazi, ndizo zopezeka m'nyemba, nsomba, mazira ndi mkaka. Lifunanso tinthu tina tating'ono tosaoneka ndi maso, timene madotolo atichula mavitamini. Munthu akhoza kukhuta masiku onse, nafa ndi njala ya tinthu timeneti. Ndifuna kunena za kamodzi ka ito, dzina lace niasini.

Nchito ya niasini ndiyo kuthandiza thupi kuturutsa mphamvu m'cakudya cimene tadya. Mwamuna wamkuru afuna mamiligalamu 16 pa tsiku, mkazi 14. Kulemera kwace sikuposa njere imodzi ya mpunga. Koma akasowa niasini miyezi ingapo, ifika nthenda ya ciwau, imene m'cipatala aiti pellagra. Khungu lokhala padzuwa lida ndi kusupuka ngati lapsya ndi moto, kumanja konse kuwiri, kumapazi, ndi pakhosi pozungulira monga mkanda. Lilime lifiira, m'mimba mutseguka, ndipo pambuyo pace nzeru zisokonezeka. Pamenepo ena ati khate, ena ati amlodza, nataya mbuzi kwa woombeza pamene wodwala alinkufa.

Kale ngakhale ophunzira anayesa kuti nthendayi njopatsirana. Dotolo Hugh Stannus anaipeza mwa akaidi a m'ndende ya ku Zomba, nalemba za iyo m'caka ca 1912. Masiku omwewo inalikupha anthu osauka zikwi zambiri kum'mwera kwa United States, kumene analikudya cimanga monga ife. Cotero m'caka ca 1914 boma la kumeneko linatuma Dotolo Joseph Goldberger akafufuze. Iye anapenya cinthu cimene ena anacilambalala: m'nyumba zosungiramo odwala misala, odwalawo anagwidwa nayo, koma owasamalira, ogwira matupi ao tsiku ndi tsiku, sanadwala ai. Kodi nthenda yopatsirana isankha anthu cotere? Anasiyana pa cakudya pokha. Anapatsa tsono ana amasiye a ku Mississippi mkaka, nyama, mazira ndi nyemba, ndipo nthenda inatha pakati pao. M'caka ca 1915 anayesa njira yina yowawa: akaidi 11, olonjezedwa ufulu, anabvomera kudya zacimanga ndi zina zosauka miyezi 5, ndipo 6 a iwo anaturuka ciwau. Goldberger anamwalira 1929 asanadziwe dzina la kanthu kosowako. Conrad Elvehjem ndiye anaonetsa m'caka ca 1937 kuti ndi niasini.

Nanga cimanga cilakwa ciani? Niasini alimo, koma ngwomangika, kotero kuti matumbo athu sakhoza kummasula. Anthu a ku Mexico, kumene cimanga cinacokera, aciphika m'madzi a laimu kapena a phulusa asanacipere, ndipo madziwo amasula niasini. Cifukwa cace ciwau sicinawabvuta. Cimanga cinaoloka nyanja, koma nzeru ija inatsala. Amai athu adziwa cidulo, inde, koma acithira m'therere. Mgaiwa uposa ufa woyera, popeza pokonola ndi pobviika mphale zabwino zambiri zipita ndi gaga ndi madzi. Koma ngakhale mgaiwa pa wokha sutha kuchinjiriza munthu. Cipulumutso cathu cili m'mbale ya ndiwo, makamaka mtedza, nsomba, nyama, ciwindi ndi nyemba.

Izi zinaoneka poyera m'dziko lathu lomwe m'caka ca 1990. Anthu othawa nkhondo ku Mozambique analikulandira ufa ndi mtedza. Mtedzawo unaleka kufika miyezi 5, ndipo kuyambira February kufikira October anthu oposa 18,000 anadwala ciwau. Amene anali ndi kadimba kao, kapena analikudya mtedza tsiku ndi tsiku, ambiri anapulumuka. Ndipo tamverani ici, amuna inu: akazi anadwala kuposa amuna pafupifupi kasanu ndi katatu. Zifukwa zace nzingapo, koma cimodzi ticidziwa tonse, pakuti m'nyumba zambiri mbale ya ndiwo iyamba kwa bambo, ndipo mai asusa nsima m'msuzi wotsala.

Alipo enanso odziitanira okha nthenda iyi. Wakumwa kacasu, amene asinthanitsa ndiwo ndi botolo, ali pafupi nayo, pakuti mowa uononga matumbo kuti asalandire ngakhale pang'ono pamene wadya. Momwemonso iye wofuna kucepetsa thupi, nasankha cakudya cimodzi cokha miyezi yambiri, alowa m'ndende ya Goldberger popanda womgwira. Ndi inu ogulitsa mtedza wonse pa kukolola, osasiyako thumba la nsinjiro, kumbukilani January ndi February.

Mukaona zizindikilo zija pa mbale wanu, mumtengere ku cipatala msanga, ndi kumfunditsa nsaru padzuwa poyenda. Kumeneko ampatsa mibulu ya niasini. Kutsegula m'mimba ndi kusokonezeka mutu kuyamba kuleka m'masiku owerengeka, koma khungu licira pang'onopang'ono.