Dzanja Likafooka: Zipangizo Zolimbitsira Manja Zopangira Pakhomo

Kabuku aka ndi ka mabanja a kuno ku Mpanshya ndi midzi yozungulira amene akusamalira munthu wofooka dzanja. Angakhale agogo amene kapu ya tiyi yayamba kuwapulumuka, bambo amene anadwala sitiroko, mayi amene angowachotsa chikhakha atathyoka mkono, kapena mwana amene anapsa ndi mbaula ndipo zala zikukana kutambasuka. Ku chipatala cha St Luke's angakuoneni ndi kukuuzani zochita, koma simungamapiteko tsiku lililonse, ndipo zipatala zazikulu za ku Lusaka, monga UTH ndi Levy Mwanawasa, zili pa mtunda woposa makilomita 150. Ntchito yaikulu yodzutsa dzanja imachitikira pakhonde panu, ndi zinthu zomwe muli nazo kale.

Ena amati: "Ife timalima, timasinja, timatunga madzi, masewera a manja ngachiyani?" Kwa munthu wabwinobwino akunena zoona, khasu ndi munsi zimamukwanira. Koma dzanja lodwala siligwira khasu. Limangokhala pamwendo, achibale n'kumamuchitira wodwalayo zonse chifukwa cha chifundo: kumudyetsa, kumumanga chitenje, kumutsegulira botolo. Chifundo choterechi chikapitirira chimalemaza. Mnofu wosagwira ntchito umayamba kuphwa m'milungu yochepa chabe, ndipo mfundo za zala zimauma.

Mphamvu ya dzanja imachokera kuti

Gwirani mkono wanu pansi pang'ono pa chigongono, kenako fumbatani chibakera. Mukumva kuti pafufuma. Minofu yaikulu imene imapinda zala ili pamenepo, osati m'zalamo. Kuchoka apo pali mitsempha yolimba imene imadutsa pamfundo ya dzanja mpaka kunsonga za zala, ndipo imakoka monga mmene waya wa mabuleki a njinga amakokera. Minofu yofumbata ili mbali ya chikhatho ndipo ndi yamphamvu; yotambasula ili kuseri ndipo ndi yocheperako mphamvu. N'chifukwa chake dzanja likadwala limakonda kupindika, osati kutambasuka. Choncho pa zipangizo zanu pasasowe chophunzitsa dzanja kutseguka. Anthu ambiri amaiwala zimenezi, amangofinya mpira basi.

Madokotala amayeza mphamvu yofinya ndi kachipangizo kokhala ndi wotchi yosonyeza makilogalamu. Mu 2015 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wotsogoleredwa ndi Darryl Leong wa ku McMaster University ku Canada, amene anatsatira anthu pafupifupi 140,000 m'mayiko 17, kuphatikizapo Zimbabwe ndi South Africa. Anapeza kuti mphamvu yofinya ikatsika ndi makilogalamu 5, chiopsezo cha imfa m'zaka zotsatira chinkakwera ndi 16 pa 100 alionse. Akatswiri oona za ukalamba ku Ulaya amati mwamuna wofinya zosafika makilogalamu 27, kapena mkazi wosafika 16, ndiye kuti minofu yake yafooka. Musamve ngati kufinya mpira kumatalikitsa moyo. Dzanja limangoulula mmene thupi lonse lilili. Agogo akayamba kugwetsagwetsa zinthu, funsaninso ngati akudya mokwanira, ngati akuyendako, ndiponso ngati BP ndi shuga anayezetsa.

Yambani mwapita kuchipatala ngati zili chonchi

Dzanja likafooka mwadzidzidzi, makamaka pakamwa patapotoka kapena mawu akumveka ngati a munthu woledzera, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko. Pitani ku St Luke's tsiku lomwelo, musadikire kuti kuche, ndipo musayambe kutema mphini kapena kuthowa. Zala zikachita dzanzi kwa nthawi yaitali, mwina ndi shuga, mwina ndi khate, makamaka ngati pakhungu pali zigamba zotuwa zosamva kukhudza. Khate limachira ndipo mankhwala ake ndi aulere. Dzanja lotupa, lotentha kapena la bala lisachite masewera. Wothyoka fupa adikire mpaka achipatala amuuze kuti fupa lagwirana.

Ndowa ya chimanga

Ichi ndicho chipangizo choyamba kupanga, chifukwa chimagwiritsa ntchito minofu yonse iwiri, yofumbata ndi yotambasula, ndipo n'chovuta kudzipweteka nacho. Tengani ndowa kapena chigubu chodula pamwamba, musalaze m'mphepete kuti musacheke khungu, muthiremo chimanga chotong'ola mpaka chizifika pamwamba pa mfundo ya dzanja mukalowetsamo. Chonde chimangacho chikhale chosathira mankhwala a anankafumbwe. Fumbi la mankhwala amenewa si loti munthu azivundula ndi manja tsiku ndi tsiku, n'kumalipumanso. Ngati chimanga chonse munathira kale mankhwala, gwiritsani ntchito mapira, nyemba kapena mchenga wa kumtsinje wosefa bwino ndi kuumitsa.

Wodwala akhale pampando, ndowa ili pakati pa miyendo kapena pakampando kena pambali. Alowetse dzanja zala zili zowongoka, afumbate chimanga, asiye, kenako atambasule zala zonse mkati momwemo. Kutambasulako n'kumene kumavuta, ndipo n'kumene tikufuna. Akatero azunguze dzanja ngati akuvundula, uku ndi uku. Nyemba ndi chimanga ndi zopepuka, mchenga ndiye wolemetsa. Yambani ndi chopepuka. Kuti asatope nazo, bisanimo zitsekerero za mabotolo, timiyala tosalala kapena mabatani khumi, iye azifufuza ndi zala osayang'ana. Zimenezi zimathandizanso dzanja limene layamba kuiwala kumva zinthu. Adzukulu amaikonda ntchito yobisayi, koma ana aang'ono oti angameze batani asayandikire. Mukatha vundikirani, mbewa ndi nkhuku zingakudyereni chipangizo.

Zofinya ndi zotsegulira zala

Mpira wofinya mupange ndi sokosi yakale. Thiranimo gaga ngati dzanja ndi lofooka kwambiri, kapena mchenga ngati layamba kulimba, mumange mfundo, mupindirenso sokosiyo pamwamba kuti isatayikire. Ukulu wake ukhale ngati lalanje laling'ono, loti zala zizilizungulira. Dongo loumbira mbiya lonyowa limachita bwino kuposa apa, chifukwa limasonyeza pamene chala chilichonse chadinda. Mukaona kuti chala chaching'ono sichikusiya chizindikiro, mwadziwa pofunika kulimbikira. Lisungeni m'pepala lapulasitiki kuti lisaume.

Chotsegulira zala ndi malegeni. Dulani chubu chakale cha njinga mopingasa kuti mupeze mphete ya mphira, muitsuke kuchotsa ufa wa mkati. Sonkhanitsani nsonga za zala zonse zisanu, muziveke mpheteyo, ndiye muzitambasule pang'onopang'ono ndi kubweza pang'onopang'ono. Mphete yopyapyala ndi yofewa, yotambalala ndi yolimba, choncho dulani zitatu zosiyana kukula. Ngati ngakhale yopyapyala ikukanika, yambani ndi kamphira komangira ndalama.

Chala chachikulu chimafuna kutsina. Mapegi oyanikira zovala ndi okwanira: wodwala aziwapana m'mphepete mwa mbale mpaka izungulire, kenako awachotse, akusinthasintha chala chothandizana ndi chachikulu. Kuswa mtedza ndi kusankha nyemba ndi masewera omwewo, ndipo kuli ndi ubwino wina, wakuti munthu amaona kuti akuthandiza pakhomo.

Chopotera

Ichi ndi cha amene afika patali, komanso anyamata ofuna mikono yolimba. Dulani mpini wakale wa khasu kapena nsungwi yokhwima kutalika ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya zala, muupale kuti pasakhale zobaya. Boolani pakati ndi msomali wotentha, mulowetse chingwe cholimba cha mita imodzi, mumange mfundo yaikulu kuti chisasololoke. Kumapeto kwa chingwe mangani botolo la madzi. Gwirani mtengowo ndi manja awiri, mikono itatsamira pamsana wa mpando, muzipota kuti chingwe chizikulungika mpaka botolo lifike pamwamba. Potsitsa musalisiye kuti lingogwa. Bwezani mopota momwemo, chifukwa theka la phindu lili pakutsitsapo.

Ubwino wa madzi ndi wakuti kulemera kwake mumakudziwa popanda sikelo. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi. Botolo la 500 ml ndi theka la kilogalamu, ndipo apa ndiye poyambira. Kenako botolo la malita 2, kenako chigubu cha malita 5 chimene mungamaonjezere madzi kapu imodzi pamlungu. Anyamata amakonda kuthira simenti m'zitini kuti zioneke ngati za mumzinda, koma chitini cha simenti simungachichepetse tsiku limene dzanja lawawa, ndipo chingwe chikaduka chitinicho chimaphwanya zala zakumapazi. Ine ndimalangiza madzi. Wofuna zolemera anyamule zigubu ziwiri zolingana, china uku china uku, aziyenda nazo msana uli chilili mpaka zala zitatsala pang'ono kumasuka, ndiye atule bwinobwino.

Dzanja la sitiroko ndi nkhani ina

Apa mabanja ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino. Patapita milungu ingapo chidwalireni sitiroko, dzanja limayamba kufumbata lokha, chigongono n'kupindika. Achibale amaona ngati mphamvu yabwera, n'kumupatsa wodwala mpira kuti azifinya tsiku lonse. Dzanja loterolo vuto lake si kufumbata ayi, koma kumasula. Ngati wodwala sangathe kutsegula zala yekha, mpira ndi chopotera ziyambe zadikira.

M'malo mwake wothandiza akhale mbali yodwalayo, agwire dzanja mofatsa, ayambe watambasula chala chachikulu, zinazo zimatsatira mosavuta. Musakoke mwamphamvu kapena mofulumira, chifukwa mnofu woterewu ukadzidzimutsidwa umalimbirako. Dzanja likatseguka liikeni chafufumimba patebulo kapena pamphasa, wodwala atsamirepo pang'ono kwa kanthawi. Tsukani ndi kupukuta bwino m'chikhatho, muzimuwenga zikhadabo, chifukwa m'dzanja lofumbata mumachita thukuta ndi zilonda. Ndipo musadzutse munthu wa sitiroko pomukoka mkono wodwalawo. Phewa lake ndi lolobodoka ndipo limaguluka msanga. Akakhala pansi, mkonowo utsamire papilo, usalendewere.

Zala zikayamba kugwedezeka, ngakhale pang'ono, lipatseni dzanjalo ntchito yeniyeni: kugwira kapu yopanda kanthu ndi kuisiya, kukankha nsalu patebulo, kugwirizira mbale pamene dzanja labwino likudya. Ubongo umaphunziranso pobwereza chinthu kambirimbiri. Katswiri wina wa ku America, Edward Taub, anasonyeza kuti odwala ambiri amasiya kugwiritsa ntchito dzanja lofooka chifukwa chongozolowera kudalira labwinolo, ndipo kuti ena mwa iwo amapita patsogolo akamaliumiriza lofookalo kugwira ntchito. Supuni ikamapulumuka, kulungani chigwiriro chake ndi malegeni kapena nsalu mpaka chinenepe ngati chitsononkho. Chitani chimodzimodzi ndi mswachi ndi cholembera. Kudya yekha, ngakhale motaya, n'kwabwino kuposa kudyetsedwa.

Kupanga zipangizo zotere ndi zinthu zapamudzi si njira yongopeka ya anthu osauka. David Werner analemba buku lofotokoza zimenezi mu 1987, lotchedwa Disabled Village Children, kuchokera pa ntchito ya anthu a kumudzi ku Mexico, ndipo ku Zimbabwe Bevill Packer anaphunzitsa anthu kupanga mipando ndi zipangizo zina zolimba ndi makatoni, mapepala ndi phala la ufa. Koma chomangira dzanja kuti likhale lowongoka musapange nokha musanaonetsedwe ndi achipatala. Chikathina chimabweretsa zilonda, makamaka padzanja losamva ululu.

Kangati, ndipo mudziwa bwanji kuti zikuyenda

Sankhani zipangizo ziwiri kapena zitatu, osati zonse. Chilichonse chitani ka 10, mupume pang'ono, mubwerezenso kawiri. Zopepuka, monga ndowa, mapegi ndi kutambasula zala, ndi za tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo. Chopotera ndi zigubu muzidumphitsa tsiku, chifukwa mnofu umakula pamene ukupuma. Kuviika dzanja m'madzi ofunda musanayambe kumafewetsa mfundo, koma wothandiza ayambe wayesa madziwo, popeza dzanja ladzanzi limapsa mwini wake osamva.

Pofinya musabanike. Kugwira mpweya pamene mukukakamira kumakweza BP, ndipo kwa munthu amene anadwalapo sitiroko zimenezi n'zoopsa. Njira yosavuta ndi kuwerenga mokweza mawu. Munthu amene akuwerenga sangabanike. Kutopa kwa mnofu n'kwabwino. Ululu wobaya, kutupa, kapena kuwawa kofika mpaka mawa lake ndi chizindikiro chakuti mwapitirira muyeso, ndiye chepetsani madzi m'botolo kapena bwererani ku mphete yofewa.

Kusintha kumaoneka pakatha milungu 6 mpaka 8, ndipo kumabwera pang'onopang'ono moti apabanja sakuzindikira, n'kugwa ulesi. Choncho sungani kope. Lamlungu lililonse lembani tsiku, kuchuluka kwa madzi m'botolo, mapegi amene wodwala wapana pa mphindi imodzi, ndi ntchito imodzi imene wayamba kuchita yekha, monga kumanga batani kapena kutema nsima. Pabotolopo muzilemba mzere pamene madzi afika.

Tsiku lopita kukaonedwanso kuchipatala tengani kopelo, mphete za malegeni ndi supuni yokulungayo, achipatala aone zimene mukuchita ndi kukukonzani pamene mukuphonya. Ngati patha miyezi iwiri popanda kusintha kulikonse, kapena dzanja likunkera kufooka, auzeni zimenezo, mufunse ngati m'pofunika kalata yopita ku Lusaka. Ana opindika zala chifukwa cha kupsa amathandizidwanso ku Beit CURE Hospital. Mankhwala a BP ndi a shuga apitirire monga anakulemberani, ngakhale dzanja litayamba kugwira bwino.