Khungwa, tsamba ndi LA: kusamala zomera zochiza malungo

Mwana akatentha thupi usiku, m'mawa n'kupita naye kuchipatala, magazi n'kuonetsa malungo, makolo amabwerako ndi kapaketi ka mapiritsi achikasu a LA. Ambiri amayesa kuti mapiritsiwa kwawo ndi kufakitale ya kunja, koma kufakitale n'kothera chabe. Mphamvu yaikulu ya LA imachokera m'masamba a chitsamba chotchedwa Artemisia annua, chimene alimi amalima ku China, Vietnam, Madagascar ndi kum'mawa kwa Africa. Kwinini nayenso, amene achikulire amamukumbukira chifukwa cha kuwawa ndi kuliza m'makutu, amachokera ku khungwa la mtengo.

Mbiri ya mankhwala awiriwa ikuonetsa zinthu zitatu zofunika kuti mankhwala ochokera ku zomera akhalitse. Choyamba, chomeracho chisathe. Chachiwiri, wochidziwa ndi wochilima apindule nacho. Chachitatu, mankhwalawo amwedwe moyenera kuti asathe mphamvu. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, wovutika ndi mwana wodwala uja.

Khungwa la m'mapiri a Andes

Mtengo wa cinchona kwawo ndi m'mapiri a Andes ku South America, makamaka ku Peru, Ecuador ndi Bolivia. M'zaka za m'ma 1630, ansembe ndi abulazala a chipani cha Ajezuiti amene ankatumikira ku Lima anayamba kutumiza khungwa la mtengowu ku Roma, mzinda umene malungo ankaupulula chaka ndi chaka. Kadinala Juan de Lugo, amenenso anali Mjezuiti, ankagawa ufa wa khungwali kwa odwala osauka, ndipo ku Ulaya konse unatchuka ndi dzina lakuti ufa wa Ajezuiti. M'chaka cha 1820, akatswiri awiri a ku Paris, Pierre-Joseph Pelletier ndi Joseph Caventou, anapatula m'khungwamo chinthu chenicheni chopha malungo, ndiye kwinini. David Livingstone poyenda m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire pakati pa 1858 ndi 1864 ankadalira mankhwala omwewa.

Kutchuka kwa khungwali kunakhala tsoka la mtengowo. Anthu osenda makungwa ankagwetsa mtengo wonse, n'kuusenda, n'kupita pa wina osabzalapo kanthu. Chaka chilichonse ankayenda mtunda wautali kuposa chaka chatha kuti apeze mitengo yokhwima. Paja amati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa: mayiko a ku Ulaya anazindikira kufunika kwa nkhalango za ku Andes ataona kuti zikutha.

Apa m'pamene pakutulukira munthu amene mbiri imamuiwala kawirikawiri, Manuel Incra Mamani, mbadwa ya ku Bolivia. Iye ankatha kusiyanitsa mitundu ya cinchona poyang'ana masamba ndi khungwa, ndipo ankadziwa mtundu wokhala ndi kwinini wochuluka. Atadikira zaka zingapo kuti mitengo yabwinoyo ibale, mu 1865 anapereka njere kwa wamalonda wa ku England, Charles Ledger. Gawo la njerezi linagulidwa ndi boma la Netherlands n'kubzalidwa pa chilumba cha Java. Pofika zaka za m'ma 1930, kwinini woposa magawo 90 pa 100 alionse pa dziko lonse ankachokera ku Java. Mtengowo anautcha dzina la Ledger. Mamani anamangidwa mu 1871 chifukwa chotola njere, anamenyedwa m'ndende, ndipo anamwalira atangotulutsidwa. Malonda a khungwa ku Bolivia ndi Peru anagwa.

Kubzala mitengo m'minda ndi kumene kunapulumutsa kwinini, ndipo mpaka lero mitengoyi ikulimidwa kum'mawa kwa dziko la Democratic Republic of Congo, kumene kuli fakitale ya kwinini mu mzinda wa Bukavu. Koma eni mtengo ndi eni nzeru anatsala chimanjamanja. Kudalira malo amodzi nakonso kunaonetsa kuipa kwake mu 1942, pamene asilikali a Japan analanda Java, mayiko ambiri n'kusowa kwinini nkhondo ili mkati.

Pofuna kuti za Mamani zisabwerezedwe, mayiko anagwirizana mfundo zingapo. Pangano loteteza zamoyo zosiyanasiyana la ku Rio de Janeiro la 1992 linavomereza kuti dziko lililonse lili ndi ulamuliro pa zomera zake. Pangano la ku Nagoya la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2014, linaonjezera kuti wofuna chomera kapena nzeru za anthu a kumudzi ayambe wapempha chilolezo, ndipo phindu ligawidwe mwachilungamo. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene analowa m'panganoli.

Tsamba la ku China

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kolokwini, amene amapangidwa m'fakitale popanda chomera, analowa m'malo mwa kwinini. Anali wotchipa ndi wamphamvu, koma patapita zaka tizilombo ta malungo tinamuzolowera. Mu 1967 boma la China linayambitsa kafukufuku wofuna mankhwala atsopano. Mayi Tu Youyou ndi gulu lawo anafufuza m'mabuku akale a asing'anga a ku China n'kuyesa zomera zambirimbiri. Chitsamba cha Artemisia annua poyamba chinkaoneka chosadalirika, tsiku lina kugwira ntchito, tsiku lina ayi. Buku la sing'anga Ge Hong, amene anakhala zaka za m'ma 300, linkalangiza kuviika masambawo m'madzi n'kuwafinya, osati kuwawiritsa. Mayi Tu anaganiza kuti kutentha n'kumene kumaononga mphamvuyo, ndipo mu 1971 anapeza njira yoitulutsira popanda moto wambiri. Chinthucho chinatchedwa artemisinin, ndipo mu 2015 mayiyu analandira mphoto ya Nobel.

Nzeru za makolo zinaloza pofunika kukumba. Koma panafunikanso kuyesa, kuyeza mlingo ndi kutsimikiza pa odwala ambiri kuti tsamba lisanduke mankhwala oti dokotala angamwetse khanda mopanda mantha.

Malawi ali ndi mbali yake m'nkhaniyi. Mu 1993 linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolokwini n'kuyamba SP, amene ambiri amamutcha Fansida. SP nayenso atafooka, mu 2007 boma linabweretsa LA. M'badwo umodzi wokha waona mankhwala awiri akutha mphamvu.

Mlimi akagwa mphwayi

Chitsamba cha Artemisia chimabzalidwa chaka ndi chaka, choncho mantha oti chingathe ngati cinchona ndi ochepa. Vuto lake lili pa mlimi. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO litalangiza mu 2001 kuti mayiko ayambe mankhwala okhala ndi artemisinin, masamba anachepa. Mu 2005 kilogalamu imodzi ya artemisinin inakwera kupitirira madola 1,000 a ku America. Alimi ambiri anathamangira mbewuyi, ndipo pofika 2007 mtengo unagwa kufika pansi pa madola 200. Ambiri anaisiya, ndipo patangopita zaka zochepa masamba anasowanso. Aliyense amene ali ndi mbale wolima fodya kapena nandolo akuidziwa nkhani yotereyi.

Kuchokera pofesa mpaka piritsi kufika kuchipatala pamapita nthawi yoposa chaka. Mlimi akagwa mphwayi lero, chipatala chimamva chaka chamawa. N'chifukwa chake mapangano ogula mbewu pa mtengo wodziwika mlimi asanabzale ali mbali ya zaumoyo. Mu 2013 kampani ya Sanofi inayamba kupanga artemisinin ku Italy pogwiritsa ntchito yisiti yosinthidwa ndi asayansi, koma mpaka pano gawo lalikulu limachokerabe m'minda.

Tiyi wa masamba si LA

Ena amafunsa kuti, ngati mphamvu ili m'tsamba, bwanji osangobzala chitsambacho kuseri kwa nyumba n'kumamwa tiyi wake? Funsoli n'lomveka, makamaka kwa banja limene lapita kuchipatala n'kuuzidwa kuti mankhwala atha. Koma yankho lake ndi lakuti ayi, ndipo WHO inanena poyera mu 2019 kuti sivomereza kuchiza kapena kupewa malungo ndi tiyi ngakhale ufa wa masambawa.

Zifukwa zake n'zoonekeratu. Kuchuluka kwa artemisinin m'masamba kumasiyana malinga ndi mtundu wa mbewu, nthaka, nthawi yokolola ndi kasungidwe, choncho wakumwa tiyi sadziwa mlingo umene walowa m'thupi. Komanso artemisinin imapha tizilombo mwachangu koma imatuluka m'thupi patangopita maola ochepa. Ndiye chifukwa chake mu LA muli mankhwala awiri: artemether, wochokera ku tsamba lija, ndi lumefantrine, amene amakhalitsa m'magazi masiku angapo kuti amalize tizilombo totsala. Tiyi amatha kutsitsa kutentha kwa thupi, wodwala n'kuyesa wachira, pamene tizilombo tolimba tapulumuka. Udzudzu ukamuluma, umanyamula tizilombo tolimba tomweto kupita nato kwa mwana wa anansi.

Zimenezi si nkhambakamwa. Tizilombo tosamva msanga artemisinin tinapezeka koyamba ku Cambodia, ndipo zaka zaposachedwapa tatsimikizika ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania, dziko lochita malire ndi Malawi. Munthu womwa LA masiku awiri okha n'kusunga wotsalayo kuti adzathandize wina akuchita zofanana ndi womwa tiyi uja. LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, kasanu ndi kamodzi konse, pamodzi ndi chakudya cha mafuta pang'ono kapena mkaka, ndipo amamwedwa magazi atapimidwa. Kumaliza mankhwala ndi njira yotetezera chomera chija, pakuti tizilombo tikachizolowera, ntchito yonse ya mlimi ndi ya Mayi Tu yapita pachabe.

Pamsika wa m'tauni

Zimene zinachitika ku Andes zikuchitikanso pang'onopang'ono m'nkhalango zozungulira mizinda ya Malawi. M'misika ndi m'madepoti a basi mumapezeka mitolo ya mizu ya gondolosi, makungwa a muwawani ndi zina zotero. Sing'anga wa kumudzi kale ankatenga zokwanira wodwala mmodzi pa mtengo umene ankadziwa kuti adzaufunanso. Wotolera zogulitsa m'tauni amalipidwa malinga ndi kukula kwa thumba, ndipo mwina sadzabwereranso pamalopo.

Khungwa si chovala chabe cha mtengo. Kunsi kwake kuli timisempha tonyamula chakudya kuchokera ku masamba kupita ku mizu. Mtengo ukasendedwa kuzungulira thunthu lonse, mizu imafa ndi njala ndipo mtengo umauma, ngakhale masamba atakhala obiriwira kwa miyezi ingapo. Wosenda mwanzeru amatenga kamzere kakang'ono kotsika mbali imodzi, n'kusiya mtengo zaka zingapo kuti bala lipole. Wokumba mizu amadula ya m'mbali, kusiya muzu waukulu, n'kukwirira dzenje. Pamene masamba angagwire ntchito yofanana ndi khungwa, ndi bwino kuthyola masamba, poti amaphukanso. Ndipo chomera chofunidwa kwambiri ngati gondolosi chiyenera kulowa m'nazale ndi m'munda, osangodalira cha m'tchire.

Wogula wa m'tauni ali ndi mphamvu kuposa mmene amaganizira, chifukwa ndalama yake ndi imene imatuma munthu kunkhalango. Akhoza kufunsa kumene khungwa lachokera, kugula zochepa, ndi kukana mankhwala a m'mabotolo opanda dzina olengezedwa kuti amachiza nthenda zonse. Amene akumwa mankhwala a kuchipatala, monga ma ARV, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, auze dokotala asanaphatikize ndi azitsamba, pakuti zina zimalimbana m'thupi.

M'kalata yawo ya Laudato Si' ya 2015, Papa Fransisko anakumbutsa kuti nkhalango ikatha, pamathanso zomera zimene zikanadzachiza matenda m'tsogolo, ndiponso kuti cholengedwa chilichonse chili ndi ulemu wake ngakhale chisanapindulitse munthu. Chitsamba cha Artemisia chinakhala zaka mazanamazana chikumera m'mbali mwa misewu ngati udzu wamba. Palibe akudziwa kuti ndi chomera chiti cha m'phiri la Mulanje, Zomba kapena Nyika chimene chikusunga mankhwala a adzukulu, ndipo chomera chikatha sichiyesedwanso.

Zokambirana m'miphakati

1. Ndi mitengo iti ya mankhwala imene inali yosavuta kupeza kumudzi kwa aliyense koma lero ikusowa? Inatha bwanji?

2. N'chifukwa chiyani mabanja ena samaliza LA, ndipo mphakati ungathandize bwanji mayi amene akudwazika mwana yekha?

3. Pa bwalo la tchalitchi, la sukulu kapena pa mapuloti a akhristu, ndi mbande ziti za mitengo ya mankhwala zimene zingabzalidwe dzinja likubwerali, ndipo adzazithirira ndani m'chilimwe?