N'chifukwa chiyani ofufuza amawerenga midzi osati anthu okha?

Anzanga a m'makalabu, timamva pawailesi kuti kafukufuku wapeza kuti njira yakutiyakuti imachepetsa HIV. Koma amadziwa bwanji? Tiyeni tione zimene zinachitika ku Zomba.

Mu 2008 ofufuza anayamba kupereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 pamodzi ndi makolo awo. Sanasankhe mtsikana mmodzimmodzi ayi. Anatenga madera 176 n'kuchita mayere: 88 alandire, 88 asalandire. Patatha miyezi 18, mwa atsikana a pasukulu, 12 pa 1,000 aliwonse anapezeka ndi kachilombo m'madera olandira, pomwe m'madera enawo anali 30. Koma dziwani kuti magazi sanayezedwe poyamba, ndiye tisafulumire kuvina.

Nanga bwanji madera? Mukapatsa mtsikana wa nyumba iyi n'kumana wa nyumba inayo, ndalama zija azidyera limodzi, ndipo simudzasiyanitsanso amene analandira ndi amene sanalandire.

Vuto lake nali. Anthu a m'mudzi umodzi amafanana. Mjigo ndi umodzi, vidiyo amaonera pamodzi, zibwenzi zimazungulira anthu omwewo. Ukalawa ndiwo za m'poto mmodzi kakhumi, wadziwa za poto yemweyo basi, osati za mudzi wonse.

Ofufuza amauyeza kufanana kumeneku asanayambe. Tiyerekeze kuti ndi 0.02, ndipo mwatenga anthu 100 m'mudzi uliwonse, midzi 10. Chotsani 1 pa 100, chulukitsani ndi 0.02, onjezerani 1: mupeza pafupifupi 3. Gawani 1,000 ndi nambalayo. Anthu anu 1,000 aja ali ngati 335 okha! Tsopano tengani midzi 20, anthu 50 m'mudzi uliwonse. Anthu akadali 1,000, koma ali ngati 505. Petulo ndiye achuluka, inde, koma mayankho ake ndi odalirika.

Izi zikutikhudza ife kuno kwa Katunga. Kalabu ikachita sewero m'mudzi umodzi, anthu ambiri n'kukayezetsa, timathamangira kulemba lipoti kuti sewero lagwira ntchito. Mwina n'zoona. Mwinanso amfumu analankhulapo pamaliro sabata yomweyo, kapena oyeza magazi anabwera pafupi.

Pamsonkhano wanu wotsatira, chitani samu ija ndi midzi 40 ya anthu 25. Kenako kambiranani: mayere atagwera mudzi wa anzanu osati wanu, mungawafotokozere chiyani makolo?