Njere ndi Mphukira: Phunziro la m'Munda wa Tiyi

Munthu wotsika basi pa Chitakale amaona minda ya tiyi itayalidwa ngati mphasa m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Koma kodi munafunsapo, inu awerengi, kuti mitengo yonseyi inabadwa bwanji?

Tiyi ali ndi maluwa oyera, ngakhale sitiwaona kawirikawiri popeza mitengo imadulidwa isanatalike. M'duwamo muli timitu tachikasu tokhala ndi mungu, ndiyo mbali yachimuna; pakati pake pali kathumba kachikazi kosunga timazira. Njuchi ikanyamula mungu pa mtengo uwu nikausiya pa duwa la mtengo uwo, njere imayamba kupangika. Tsono njere ili ndi makolo awiri, ndipo monga ana a mimba imodzi safanana nkhope, mbande za njere nazo sizifanana: ina imaphuka masamba ambiri, ina imachita ulesi. Tiyi amene Henry Brown anabzala ku Mulanje mu 1891, ndi njere zochokera ku Mishoni ya Blantyre, anabadwa motere.

Njira yachiwiri siifuna duwa konse. Akatswiri a ku Mimosa, kumene bungwe la Tea Research Foundation linakhazikitsidwa mu 1966, amasankha mtengo wobereka bwino, nadula kanthambi ka tsamba limodzi, nakazika m'dothi pamthunzi. Kakagwira mizu, sikakhala mtengo wachilendo ayi, koma womwe uja. Munda wathunthu ungathe kuchokera pa tsinde limodzi.

Amayi athu anaidziwa kalekale nzeru imeneyi. Ndani anafesapo njere za chinangwa kapena za nanazi? Amazika mitengo ya chinangwa, kholowa wa mbatata, ndi mphukira za nanazi ndi za nthochi.

Koma apa tcherani khutu. Mphukira imatenga zonse za make, ndi matenda omwe. Matenda a chisaka, amene analowa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990 nasakaza nthochi za ku Thyolo ndi ku Mulanje, amafalitsidwa ndi tinsabwe ta nthochi, komanso ndi ife tomwe pogawana mphukira. Mnansi akakupatsani mwana wa nthochi, yambani mwakaona make. Masamba akakhala aafupi, opapatiza, oimirira ndi othithikana pamwamba, m'mphepete mwake mutachita chikasu, musalandire, ngakhale mwanayo aoneke wathanzi. Phata lotere lilibe mankhwala. Lizulidwe lonse, ndi ana ake omwe, lisanapatsire munda wa mnzanu.