Kukonzanso Nyumba Yakale: Ndalama Yoyamba Ipite Kumene Madzi Akulowera

Zokolola zikagulitsidwa, m'mabanja ambiri a m'mawodi athu mumabuka funso lakuti: nyumbayi yakalamba, tiyambire pati? Mayi amaloza pansi pokumbika ndi makoma odetsedwa ndi utsi. Bambo amafuna chitseko chatsopano ndi penti kumaso kwa nyumba, kumene odutsa amaona. Onse awiri akunena zoona, koma ndalama ili m'manja siingakwanire zonse, ndipo kawirikawiri chimene chikuwononga nyumbayo palibe amene wachitchula. Chinthucho ndi madzi.

Nyumba ya njerwa zomangidwa ndi dothi imakhala zaka zambiri malinga ngati ili youma. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'chigawo cha kummwera mu Marichi 2023 akukumbukira kuti si nyumba zonse zimene zinakokoloka ndi madzi osefukira. Zambiri zinangonyowa kwa masiku angapo, dothi logwira njerwa linafewa, makoma n'kugwa. Choncho musanagule kanthu, yenderani nyumba yanu muli awiri, kope ndi pensulo zili m'manja.

Yambani ndi denga. Dzuwa lili paliwombo, tsekani zitseko ndi mawindo, muyang'ane kumwamba. Paliponse pamene pakulowa kuwala, mvula idzalowanso. Gogodani mapaso ndi chigwiriro cha mpeni. Amene adyedwa ndi chiswe amalira ngati ng'oma ngakhale kunja akuoneka abwino. Sinthani okhawo, si onse ayi. Pogula malata, kumbukirani kuti nambala ya geji ikakhala yaying'ono, lata limakhala lochindikala: geji 28 ndi yolimba kuposa geji 32. Ngati ndalama zachepa, kuli bwino kufolera mbali imodzi ndi malata abwino chaka chino kusiyana ndi kufolera nyumba yonse ndi malata opyapyala. Misomali ikhomedwe pamsana pa lata, osati m'ngalande yoyenda madzi, ndipo mitengo ya denga imangiriridwe kukhoma ndi waya wolowa pansi pa mizere ingapo ya njerwa. Denga losanjikizidwa ndi miyala silipirira mphepo ya mvula yoyamba.

Mukatero, pitani kutsinde kwa khoma. Madzi ogwa kuchokera padenga amakumba m'mphepete mwa maziko chaka ndi chaka. Kwezani khonde kuzungulira nyumba, litsetserekere kunja, ndipo kumbani ngalande yotengera madzi kutali. Simenti ikakhala yochepa, pakani pulasitala kunsi kwa khoma kokha, kulekeza m'maondo, makamaka mbali imene mvula imawomba. Thumba limodzi la makilogalamu 50 limasakanizidwa ndi mawilibala atatu a mchenga wopanda dothi, ndipo pulasitalayo azithiridwa madzi kwa masiku 7. Ambiri amanyalanyaza kuthirirako, kenako n'kumadzudzula mmisiri.

Mng'alu musauphimbe msanga. Lembani chizindikiro pamene wathera pamodzi ndi tsiku lake. Ukapitirira chizindikirocho pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, n'kutheka kuti maziko akutitimira, ndipo pakufunika mmisiri wodziwa kapena uphungu wochokera ku ofesi ya zomangamanga ya khonsolo.

Penti ndi zitseko zidikire. Laimu amayeretsa chipinda pa mtengo wochepa.

Kagulidwe nako kali ndi dongosolo. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali atasunga ndalama m'nyumba anaona mitengo ikuwathawa. Malata, misomali ndi waya mukhoza kugula pang'onopang'ono n'kuzisunga pouma. Simenti yokha ndiyo siisungika: imakoka chinyezi, ndipo ikapitirira miyezi itatu mphamvu yake imachepa. Igulidwe sabata imene ntchito ikuyamba, ntchitoyo ichitike pakati pa Meyi ndi Okutobala.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, komatu ntchito zambiri zimaima chifukwa cha kusamvana m'banja, osati kusowa kwa ndalama. M'kope muja mulembedwe ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, kaya yachokera ku fodya wa bambo kapena ku banki m'khonde ya mayi. Mmisiri alipidwe m'magawo, gawo lililonse likatha, nonse awiri mukudziwa. Katapila asalowe m'nkhaniyi.

Pali nkhani inanso imene ambiri amachita nayo manyazi. Mwamuna wa chikamwini amazengereza kuthira ndalama panyumba ya kuchikazi, ndipo mkazi wa chitengwa amadzifunsa chimene chidzamuchitikire mwamuna akadzamwalira. Mantha amenewa ndi enieni. Kambiranani za umwini wa nyumbayo pamaso pa ankhoswa ndi a mfumu lata loyamba lisanagulidwe, ndipo chimene mwagwirizana chilembedwe papepala, aliyense asunge lake.