Mmene Tingawerengere Mabuku a Nkhani za Milandu

Alipo ena pakati pathu amene amati mabuku a nkhani za akuba ndi opha anthu amangotaya nthawi, ndiponso amaphunzitsa mwana makhalidwe oipa. Ine ndiganiza mosiyana, ndipo ndifuna kufotokoza mmene tingawerengere mabuku otere kuti tipindule nawo.

Poyamba tidziwe kuti nkhani zotere si zachilendo kwa ife. Ambiri tidziwa buku la John Gwengwe lotchedwa Sikusinja ndi Gwenembe, mmene munthu anapha mbale wake chifukwa cha chuma, koma mbalame inakaulula zonse. Makolo anati mlandu suwola. Mabuku a masiku ano anena chomwecho, kungoti m'malo mwa mbalame muli wapolisi wofufuza milandu, amene timutcha tekitivi.

Ku Ulaya, Arthur Conan Doyle anatulutsa nkhani yoyamba ya Sherlock Holmes m'chaka cha 1887, ndipo Agatha Christie, amene anamwalira mu 1976, analemba mabuku 66 a mtundu uwu. Koma lero alembi otere aliponso kuno kwathu ku Africa. Unity Dow, amene anakhalapo woweruza wa khoti lalikulu ku Botswana, anatulutsa The Screaming of the Innocent mu 2002, nkhani ya kamtsikana kophedwa chifukwa cha zizimba. Mukoma wa Ngugi wa ku Kenya anatulutsa Nairobi Heat mu 2009. Alexander McCall Smith, wobadwira ku Bulawayo, anayamba mu 1998 kutulutsa nkhani za Mma Ramotswe, mayi wofufuza milandu ku Gaborone. Chingerezi chake nchosavuta, chotero ndi pabwino poyambira.

Tsono tiwerenge motani? Choyamba, tiwerenge modekha, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Wolemba amabisa choonadi m'tinthu tating'ono. M'nkhani ina ya Holmes kavalo anasowa usiku, koma galu wa pakholapo sanauwe. Holmes anazindikira kuti wotulutsa kavaloyo anali munthu wodziwika kwa galuyo. Abusa a ng'ombe m'chigwa chathu cha Bwanje nawonso amachita chomwecho: ng'ombe ikasowa sathamangira kuloza munthu chala, koma ayamba ayang'ana mapazi pansi ndi mmene khola latsekulidwira.

Chachiwiri, tikhale ndi kope pafupi. Tilembe dzina la munthu aliyense wa m'nkhanimo, ndipo tidzifunse mafunso atatu: Kodi ndani akanapindula ndi mlanduwu? Ndani anali ndi mpata wochita? Nanga ndani wanena bodza? Tisanafike mutu wotsiriza titseke buku, tilembe amene tikumuganizira ndi zifukwa zake. Kusuzumira tsamba lotsiriza kuli ngati kudya ndiwo zonse nsima isanapse.

Chachitatu, titole mawu atsopano asanu tsiku lililonse ndi kufuna tanthauzo lake m'dikishonale. Pakutha mwezi tidzakhala ndi mawu pafupifupi 150, amene adzatithandiza polemba chimangirizo pa mayeso a MSCE.

Chachinayi ndicho chachikulu koposa. Mabuku amenewa atiphunzitsa kusiyanitsa mphekesera ndi umboni. Kawirikawiri munthu amene onse amuganizira poyamba amapezeka wosalakwa pamapeto. Taganizani za agogo amene amamenyedwa m'midzi powanena kuti ndi mfiti, ngakhale lamulo la mu 1911 liletsa kunena munthu ufiti. Taganizaninso za oganiziridwa kuba amene amamenyedwa ndi khamu apolisi asanafike. Ngakhale m'hositelo, sopo akasowa, maso onse amagwera mnzathu wosauka popanda amene anamuona. Sam Mpasu, wa m'boma lathu lino la Ntcheu, analemba buku lotchedwa Nobody's Friend, ndipo mu 1975 anamangidwa, nakhala m'ndende zaka ziwiri popanda kuzengedwa mlandu. Munthu wozolowera kufunsa kuti, "Umboni uli kuti?" sadzathandiza nawo chisalungamo chotere.

Komabe ndichenjeze kuti mabukuwa ndi okoma zedi, ndipo angathe kumlanda munthu tulo ndi nthawi ya masamu. Nthawi yake yabwino ndi Loweruka masana kapena patchuthi. Tikabwereka buku ku laibulale tibweze masamba onse alimo, pakuti buku la milandu lopanda tsamba lotsiriza lilibe ntchito. Ndiponso tisauze mnzathu dzina la wolakwa iye asanamalize kuwerenga.

Potsiriza ndipempha aphunzitsi athu kuti pofuna mabuku atsopano akumbukireko a mtundu uwu. Ndipo inu anzanga amene muli ndi luso la cholembera, yesani kulemba nkhani ya tekitivi wa kuno ku Bwanje m'Chichewa, kuti tidzaiwerenge m'magazini yathu yotsatira.